Phunziro: Kuphunzitsa za Chilengedwe Poyambira pa Mawu Amene Mwana Ali Nawo Kale

Mawu oyamba

Tsiku lina, poyendera ophunzira athu amene ankayeserera kuphunzitsa m'boma la Angónia, tinakhala kumbuyo kwa kalasi yachisanu. Mphunzitsi anali atakonzekera bwino ndithu. Analemba pa bolodi mawu a Chipwitikizi akuti mudanças climáticas, m'munsi mwake nalemba kuti kusintha kwa nyengo. Kenaka anafunsa anawo tanthauzo la mawuwo. Mtsikana wina anakweza dzanja nayankha mosajejema kuti: "Aphunzitsi, dzinja likatha kumabwera masika, masika akatha kumazizira, kenaka kumabwera chilimwe. Kumeneko ndiye kusintha kwa nyengo." Mphunzitsi anazengereza pang'ono, nati, "Wakhoza," ndipo anapitiriza phunziro lake.

Mtsikanayo sanalakwe. Anayankha molondola funso limene anamva m'Chinyanja chake. Koma phunziro la tsikulo linali la chinthu china, ndipo ana onse anatuluka m'kalasimo akuganiza kuti chimene dziko lonse likudera nkhawa ndi kusinthana kwa dzinja ndi chilimwe, kumene makolo awo akhala akukuona chilengedwere dziko. Mawu anamasuliridwa, koma ganizo silinafike.

Phunziro lino latuluka pa zimene tinaona tsiku limenelo. Mfundo yake ndi imodzi: kuphunzitsa za chilengedwe m'chilankhulo chobadwa nacho sikutanthauza kungosintha mawu a Chipwitikizi kuwaika m'Chinyanja. Tiyenera kuyambira pa zimene mwana akudziwa kale m'chilankhulo chake, kuzindikira malo amene mawu athu angamusocheretse, ndi kumanga ganizo latsopano pang'onopang'ono mpaka litakhazikika. Dzina la Chipwitikizi libwere pambuyo pake.

Zolinga za phunziro lino

Pomaliza phunziroli, inu aphunzitsi a mawa mukhale okhoza:

a) kufotokoza m'Chinyanja chomveka tanthauzo la kusintha kwa nyengo, kuipitsidwa kwa chilengedwe ndi kutha kwa mitundu ya zamoyo;
b) kuzindikira mawu a Chinyanja amene ali ndi matanthauzo angapo ndipo angasokoneze ophunzira;
c) kukonza phunziro limene likuyambira pa nzeru za m'dera la sukulu;
d) kutsogolera ana kuchoka pa ganizo la m'Chinyanja kukafika pa mawu a Chipwitikizi.

1. Chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza

Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'dziko lathu ali ndi mizu yake kuno kwathu. Ntchito yoyeserera yotchedwa PEBIMO, imene inachitika kuyambira mu 1993 mpaka 1997, inagwiritsa ntchito Chinyanja m'chigawo cha Tete ndi Chichangana m'chigawo cha Gaza. Kuyambira mu 2003 njira imeneyi inalowa m'sukulu za boma m'zilankhulo zambiri za dziko lino. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale inasiyanso magawo 20 pa 100 alionse a nthawi yophunzira kuti akhale a currículo local, ndiko kuti zinthu zofunika kwa anthu a m'dera limene sukulu ili. Palibe nkhani yoyenera malo amenewa kuposa ya nthaka, madzi, mitengo ndi mvula.

Ana amene mudzawaphunzitse sakumva nkhani zimenezi pa wailesi pokha. Mu Malichi 2019 namondwe Idai anagwa pafupi ndi Beira napha anthu oposa 600 m'dziko muno, ndipo mwezi wotsatira Kenneth anakantha Cabo Delgado. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadzaza mtsinje wa Revúboè mpaka mlatho wa pa mtsinjewo ku Tete unaduka. Mu 2023 Freddy analowa m'dziko lino kawiri, mu Febuluwale ndi mu Malichi, nasiya maliro ochuluka kuno ndi ku Malawi. Dzinja la 2023 mpaka 2024 linabwera ndi ng'amba imene inapsereza chimanga m'minda yambiri ya chigawo chapakati. Mwana amene anagona m'kalasi chifukwa nyumba yakwawo inagwa ali ndi mafunso. Ngati sukulu simuyankha m'chilankhulo chimene amaganizira, adzakapeza mayankho kwina, ndipo ena mwa mayankhowo ndi oopsa, monga tionere m'gawo 6.

2. Chuma chimene mwana amalowa nacho m'kalasi

Tisanayambe kudandaula kuti Chinyanja chilibe mawu a sayansi, tiyeni tiwerenge amene chili nawo. Mwana wa ku Metangula kapena ku Cóbuè amasiyanitsa usipa, utaka, chambo, ncheni, kampango, mpasa ndi mbuna. Amadziwa kuti mwera ukawomba m'nyengo yozizira bwato silipita kutali, ndipo amausiyanitsa ndi mpoto. Mwana wa ku Angónia, Tsangano kapena Macanga amadziwa msuku, mombo, mtondo, muwanga, mbawa ndi mlombwa. Amadziwa mtengo wa nkhuni zabwino, wa mpini wa khasu ndi wa luzi. Wa kumunsi kotentha amadziwa mlambe, msau, tsanya ndi bwemba. Mvula yoyamba imene imagwa pa nthaka yopsa ndi moto ili ndi dzina lake, chizimalupsa.

Mayina amenewa ndi sayansi ndithu, pakuti anabadwa pa kuyang'anitsitsa, kuyerekeza ndi kusiyanitsa kwa zaka zambiri. Chipwitikizi cha mwana wa kalasi yachinayi chikhoza kukhala ndi mawu awiri okha pa zonsezi, árvore ndi peixe. Tikaphunzitsa m'Chipwitikizi chokha, mwana wodziwa mitengo makumi awiri amasanduka wodziwa "mtengo" umodzi, ndipo amakhala chete ngati kuti sadziwa kanthu. Choncho ntchito yoyamba ya mphunzitsi ndiyo kufunsa ndi kumvetsera. Lolani ana adzaze bolodi ndi mayina inu musanalembepo kanthu.

Palinso chifukwa china. Mtengo ukatha m'dera, dzina lake limatsala m'kamwa mwa okalamba okha, ndipo okalambawo akapita, dzinalo limapita nawo limodzi ndi nzeru ya ntchito ya mtengowo. Kalasi imene ikulemba mayina a mitengo ndi nsomba ikusunga zinthu ziwiri pa nthawi imodzi.

3. Mawu anayi amene amasocheretsa

Chilankhulo chilichonse chili ndi mawu onyamula matanthauzo angapo. Pokambirana pakhomo izi sizivuta, koma m'phunziro la sayansi zimafuna kusamala. Taonani anayi awa.

Nyengo. Liwu limeneli limatanthauza nthawi, limatanthauza dzinja kapena chilimwe, limatanthauzanso mmene kunja kwachera lero. Chipwitikizi nachonso chili ndi vuto lake, pakuti tempo ndi nthawi ya pa wotchi komanso mmene kunja kuliri. Ana ayenera kusiyanitsa zinthu zitatu. Choyamba ndi mmene kunja kwachera, kumene kumasintha tsiku ndi tsiku. Chachiwiri ndi nyengo za pa chaka, zimene zimasinthana mwa dongosolo lake lodziwika. Chachitatu ndi chizolowezi cha nyengo cha dera, chimene m'Chipwitikizi ndi clima: kuti Ulongwe ndi kozizira pamene mzinda wa Tete ndi wotentha, kuti mvula imayamba mwezi wakuti ndi kutha mwezi wakuti. Akatswiri a zanyengo amayeza chizolowezi chimenechi pa zaka 30. Chimene chikusintha ndi chachitatuchi. N'chifukwa chake poyamba ndi bwino kunena kuti kusokonekera kwa chizolowezi cha nyengo, ndipo ana akamvetsa, tifupikitse n'kumati kusintha kwa nyengo monga amanenera pa wailesi.

Mpweya woipa. Ambiri amamasulira dióxido de carbono motero. Koma kwa mwana, mpweya woipa ndi wonunkha, wa kuchimbudzi kapena wa chinthu chowola. Mpweya umene tikunenawu sununkha, suoneka, ndipo si woipa pa wokha. Timautulutsa popuma, ndipo zomera zimaugwiritsa ntchito popanga chakudya chake. Tikautcha woipa lero, mawa tidzavutika pophunzitsa mmene masamba amapangira chakudya. Ndi bwino kuutcha mpweya wa kaboni ndi kufotokoza ntchito yake motere. Dzuwa limatenthetsa nthaka ndi madzi. Nthaka ndi madzi zimabweza kutenthako kumwamba. Mpweya wa kaboni umagwira kutentha kwina kuti kusathawe, monga bulangete limasungira kutentha kwa thupi usiku. Popanda bulangete limeneli dziko likanazizira kwambiri. Vuto ndi lakuti likunka likhuthala. Mafakitale asanayambe, pa magawo miliyoni imodzi a mpweya panali magawo pafupifupi 280 a mpweya wa kaboni. Lero apitirira 420, makamaka chifukwa cha kutentha malasha, mafuta ndi gasi, komanso kudula nkhalango. Dziko latentherapo ndi digiri yoposa imodzi. Nyanja zikuluzikulu zikatentha zimatulutsa nthunzi yambiri, ndipo anamondwe amanyamula mvula yochuluka. Zindikirani kuti buku la Chipwitikizi limati efeito de estufa, koma ana ambiri sanaonepo estufa, nyumba yagalasi yolimamo mbewu. Bulangete analifundapo onse.

Kuyera. Tikati madzi oyera, mwana amamva madzi oonekera pansi, opanda matope. Koma madzi akhoza kukhala mbee, ali ndi imfa m'kati. Kolera imene inafala m'dziko muno kuyambira mu Seputembala 2022 inayamba kupezeka m'boma la Lago, m'mphepete mwa nyanja ya madzi oonekera pansi. Kumene anthu amakumba golide, monga ku Manica ndi ku Lupilichi m'chigawo cha Niassa, ena amagwiritsa ntchito mercúrio, chitsulo chamadzimadzi chonyezimira chimene chimagwira timibulu ta golide. Chikalowa mumtsinje chimaunjikana m'matupi a nsomba, ndipo chimawononga ubongo ndi mitsempha ya wodya nsombazo, makamaka mwana amene ali m'mimba. Diso silingachione. Choncho tisiyanitse madzi ooneka oyera ndi madzi abwino kumwa. Pophunzitsa poluição, tigawe kuipitsa kooneka ndi kuipitsa kobisika. Kooneka ndi monga matumba apulasitiki otseka ngalande, amene boma linaletsa opyapyala kwambiri mwa lamulo la mu 2015, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, ndi fumbi la malasha ku Moatize. Kobisika ndi monga tizilombo ta matenda, mankhwala a m'munda otsukidwira kumtsinje ndi mercúrio.

Mtundu. Timati mtundu wa anthu, mtundu wa nsalu, mtundu wa nyemba, mtundu wa nsomba. Liwu la biodiversidade timalimasulira kuti kusiyanasiyana kwa zamoyo, ndipo lili ndi magawo atatu amene ana angawaone ndi maso. Pali kusiyana kwa m'kati mwa mbewu imodzi, monga nyemba zamitundumitundu zimene agogo amasunga m'nsupa. Pali kusiyana kwa zamoyo, monga chambo ndi kampango. Pali kusiyana kwa malo okhala zamoyo, monga dambo, phiri, nkhalango ndi nyanja. Nyanja ya Niassa ili ndi mitundu ya nsomba yoposa 700, kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere pa dziko lapansi, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake mu 2011 mbali yathu ya nyanjayi inakhazikitsidwa kukhala malo otetezedwa. Komabe mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu ina ya chambo m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Neti yotetezera udzudzu ikalowa m'madzi imakokolola ndi tiana tomwe ta nsomba tisanaswane.

Mfundo yofunika kuti ana aigwire ndi yakuti zamoyo zimadalirana. Bowa wambiri wa m'nkhalango zathu amakhala molumikizana ndi mizu ya mombo, mtondo ndi msuku. Mitengoyo ikatha, bowa satulukanso, ndipo ndiwo za dzinja zimachepa pakhomo. Mwana akamva zimenezi sadzaganizanso kuti kubzala mabulugamu zana pamalo pamene panali nkhalango yachilengedwe n'kubwezeretsa zonse zimene zinatayika.

4. Tikasowa liwu tichite chiyani?

Pali njira zinayi, ndipo tizitsate mwa dongosolo ili.

Choyamba, funsani ngati liwulo liliko kale. Erosão ndi kukokoloka kwa nthaka, seca ndi chilala kapena ng'amba, cheias ndi kusefukira kwa madzi, queimadas ndi lupsa kapena moto wolusa. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto: musanapeke liwu, funsani alimi, asodzi ndi azamba a m'mudzimo.

Chachiwiri, fotokozani ndi mawu angapo. Habitat ndi malo okhala chamoyo. Extinção ndi kutheratu kwa mtundu wa chamoyo pa dziko lonse. Kutalika kwa mawu sikulakwa ngati ganizo likumveka.

Chachitatu, kulitsani tanthauzo la liwu lakale, koma muwauze ana kuti mwatero. Liwu lakuti chilengedwe kale linkanena za zolengedwa ndi chibadwa cha chinthu. Lero timaligwiritsanso ntchito ponena za zonse zotizungulira, meio ambiente.

Chachinayi, bwerekani liwu ngati njira zitatuzo zakanika, ndipo mulilembe monga timalitchulira: kaboni, pulasitiki, gasi. Kubwereka si manyazi, pakuti Chipwitikizi nachonso chinabwereka mawu ambiri a sayansi ku Chigiriki ndi Chilatini.

Mawu amene mwasankha muwalembe m'kope limodzi, ndipo muwatengere ku msonkhano wa aphunzitsi wa ZIP yanu kuti mugwirizane. Si bwino kuti mwana amve liwu lina m'kalasi yachinayi ndi lina m'kalasi yachisanu pa chinthu chimodzimodzi.

5. Chitsanzo cha phunziro la mphindi 45

Kalasi: yachinayi. Mutu: Mitengo ya kwathu ndi nthaka yathu.

Kukonzekera. Kutatsala masiku awiri, tumani ana kuti akafunse agogo kapena wamkulu aliyense mafunso awiri: Ndi mitengo iti imene inali yambiri muli ana koma lero ikusowa? Inkagwira ntchito yanji? Inu konzani mabeseni awiri akale kapena zigubu ziwiri zodulidwa m'litali. M'chimodzi ikani dothi lokhalokha, m'chinacho ikani chibuma cha dothi chokhala ndi udzu wake. Konzaninso chitini choboola pansi ndi mabotolo awiri oonekera m'kati.

Mphindi 10 zoyamba. Ana anene mayina amene abwera nawo. Gawani bolodi patatu: Ikadali yambiri, Yachepa, Sikuonekanso. Ana okha akambirane malo oyenera mtengo uliwonse. Akatsutsana, musafulumire kuweruza. Afunseni kumene anauona komaliza. Ana ambiri adzatchula kumanda, pakuti mwambo wathu suloleza kudula mitengo kumeneko, ndipo manda ambiri ndiwo asunga mitengo yachilengedwe pakati pa minda yoyera. Gwiritsani ntchito mfundo imeneyi, koma musatengere ana kumandako. Auone msitu wake ali patali, ndipo malowo apatsidwe ulemu wake.

Mphindi 15 zotsatira. Tulukani panja. Pendeketsani mabeseni awiriwo mofanana. Musanathire madzi, funsani ana chimene akuyembekeza kuona, ndipo anene chifukwa chake. Mwana mmodzi athire madzi ofanana kudzera m'chitini choboolacho, ena atchere mabotolo kumunsi. Madzi a ku dothi lopanda udzu adzatsika msanga ali ofiira. A ku chibuma adzatsika pang'onopang'ono ali oyererapo. Siyani mabotolowo adikhe kuti ana aone matope pansi.

Mphindi 10 zina. Bwererani m'kalasi ndi mafunso awa: Dothi limene lili m'botololi lachokera kuti? Munda ukataya dothi lotere chaka ndi chaka, chimanga chidzabereka bwanji? Dothi la m'phiri lathu limathera kuti? Kwa ana a kunyanja onjezani kuti matope olowa m'nyanja amakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere, ndipo amawononga mitsinje imene mpasa umakwera kukaikira mazira m'dzinja. Apa ndi pamene mutchule mawu akuti kukokoloka kwa nthaka, pakuti tsopano ana aona chimene mawuwo akunena.

Mphindi 10 zomaliza. Mwana aliyense alembe ziganizo zitatu m'Chinyanja: chimene ndaona, chifukwa chake, chimene tingachite pa sukulu pano. Kenaka lembani pa bolodi mawu atatu okha a Chipwitikizi, solo, raiz ndi erosão, pafupi ndi nthaka, muzu ndi kukokoloka. Ana awatchule ndi kuloza zinthuzo m'mabeseni.

Phunziroli silifuna ndalama. Ngati mukufuna kulipitiriza chaka chonse, dulani botolo lapulasitiki la m'mbali mowongoka, mumatepo rula, muliike poyera, ndipo ana azilemba mvula ya tsiku lililonse m'kope la kalasi. Kope limenelo likasungidwa zaka zingapo, sukulu idzakhala ndi mbiri yakeyake ya mvula, ndipo kusiyana kwa mmene kwachera lero ndi chizolowezi cha nyengo kudzaoneka m'manambala olembedwa ndi ana eni ake.

6. Zinthu zitatu zofunika kusamala

Musachititse mwana manyazi. M'kalasi mwanu mudzakhala mwana amene kope lake linagulidwa ndi ndalama za makala, ndi wina amene bambo ake amasodza ndi neti ya udzudzu chifukwa alibe ndalama za ukonde. Mukanena kuti owotcha makala ndi adani a chilengedwe, mwanayo adzasankha bambo ake, ndipo adzakhala atasankha bwino, koma phunziro lanu lidzakhala litafa. Funsani mafunso ofufuza: Makalawo amagulidwa ndi yani? N'chifukwa chiyani m'tauni amaphikira makala? Chitsa cha mombo chikasiyidwa ndi kutetezedwa ku moto, chimaphukanso kapena ayi? Mafunso otere amatsegula njira m'malo moloza chala.

Nenani zoona pa za mwini mlandu. Si zoona kuti anamondwe akubwera chifukwa mudzi wathu unadula mitengo ya m'phiri. Africa yense amatulutsa magawo osapitirira 4 pa 100 a mpweya wa kaboni wochokera ku malasha, mafuta ndi gasi pa dziko lapansi. Wochuluka umachokera ku mayiko a mafakitale. Malasha a ku Moatize omwe amanyamulidwa pa sitima kupita ku madoko a Nacala ndi Beira kukawotchedwa kunja. Chimene chili choona n'chakuti phiri lopanda mitengo silingagwire mvula yamphamvu, ndipo madzi amatsika ndi ukali woposa. Sitingaletse namondwe, koma tingachepetse zimene angatiwonongere. Mwana ayenera kudziwa mbali zonse ziwiri, kuti asadzione wolakwa pa zimene sanachite, komanso asadzione wopanda chochita. Muuzeninso kuti zowonongeka zimatha kubwerera. Ku Gorongosa nyama zikuluzikulu zoposa 90 pa 100 zinatha m'nthawi ya nkhondo ya 1977 mpaka 1992, koma lero zachulukanso, ndipo mimbulu inabwezeretsedwako mu 2018.

Yankhani zikhulupiriro modekha. Mvula ikachedwa, m'midzi ina mumamveka manong'onong'o akuti wina waimanga, ndipo kawirikawiri chala chimaloza nkhalamba yopanda woiteteza. Mwana akabweretsa nkhani yotere m'kalasi, musamuseke ndipo musamukalipire. Mufunseni kuti: kodi mvula yasowa m'mudzi mwathu mokha? Muonetseni pa mapu kuti chilala cha 2023 mpaka 2024 chinagwira Mozambique, Malawi, Zambia ndi Zimbabwe pa nthawi imodzi. Fotokozani kuti madzi a m'nyanja yaikulu ya Pacífico akatentha kuposa masiku onse, zimene zimatchedwa El Niño, mphepo zimasintha njira ndipo mvula imachepa kum'mwera kwa Africa kuno. Ndiye mumusiye aganize yekha ngati gogo mmodzi angamange mvula ya mayiko anayi. Kufotokoza kotere kukachitika m'Chinyanja, mwana amatha kukakubwereza kunyumba madzulo pa nthawi ya nsima. Kukachitika m'Chipwitikizi chokha, kumatsala m'kope.

7. Kuwolokera ku Chipwitikizi

Cholinga chathu n'chakuti mwana adziwe zilankhulo zonse ziwiri. Adzalemba mayeso m'Chipwitikizi, adzawerenga machenjezo a INAM ndi INGD m'Chipwitikizi, ndipo ena adzakhala akatswiri a zaulimi ndi zanyengo. Dongosolo ndi ili: aone, akambe m'Chinyanja, alembe m'Chinyanja, kenaka alandire dzina la Chipwitikizi. Mawu atsopano akhale ochepa pa phunziro limodzi, atatu kapena asanu. Pachikani pa khoma pepala la mawu a zilankhulo ziwiri limene ana azilionjezera okha. Pofuna kudziwa ngati amvetsa, musawauze kuti abwereze tanthauzo lolowezedwa pamtima. Auzeni kuti afotokozere mng'ono wawo wa kalasi yoyamba, kapena agogo awo. Amene angafotokoze efeito de estufa kwa agogo ake m'Chinyanja ndiye wamvetsa.

Ntchito

1. Bwererani ku nkhani ya m'mawu oyamba. Mukanakhala inu mphunzitsi, mukanamuyankha bwanji mtsikana uja popanda kumugwetsa mphwayi? Lembani mawu enieni amene mukananena, ndi mafunso awiri amene mukanafunsa kalasi pambuyo pake.

2. M'magulu a anthu anayi, lembani mayina 20 a mitengo, nsomba, mbalame kapena bowa a kwanu. Chongani amene simukudziwa dzina lake m'Chipwitikizi. Kodi zimenezi zikukuuzani chiyani za mwana wophunzira m'Chipwitikizi chokha?

3. Pezani mawu a Chinyanja a reciclagem, desmatamento, espécie ndi energia renovável. Pa liwu lililonse nenani njira imene mwatsata mwa zinayi za m'gawo 4, ndi mmene mwana angalimvere molakwika.

4. Konzani phunziro la mphindi 45 la kusiyana kwa madzi ooneka oyera ndi madzi abwino kumwa, pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pa sukulu ya kumudzi. Liphunzitseni kwa anzanu, ndipo iwo ayankhe ngati ana a kalasi yachinayi.

5. Mukapita kokayeserera kuphunzitsa, chezani ndi wamkulu mmodzi wa m'mudzimo za mmene mvula inkagwera kale ndi mmene ikugwera lero. Pemphani chilolezo kwa mfumu kapena kwa a khonsolo ya sukulu musanatero. Lembani zimene mwamva m'mawu ake omwe, ndipo mubwere nazo ku phunziro lotsatira.

Mawu otsiriza

Titatuluka m'kalasi ija ya ku Angónia tinakhala pansi ndi mphunzitsi wachinyamata uja, ndipo iye mwini ndiye anayamba kunena kuti anazindikira kuti yankho la mtsikanayo silinali limene ankafuna, koma anasowa mawu olikonzera. Sabata yotsatira anabwereza phunzirolo. Anayamba ndi kufunsa ana mwezi umene makolo awo anabzala chimanga chaka chimenecho, ndi mwezi umene agogo awo ankabzala ali achinyamata. Ana anatsutsana kwa nthawi ndithu, ena akuti Novembala, ena akuti Disembala, ena akuti anabzala kawiri chifukwa mbewu yoyamba inapserera. Mawu akuti mudanças climáticas anawalemba pa bolodi kutatsala mphindi zisanu kuti belu lilire. Inunso mukamakonza phunziro lanu loyamba la za chilengedwe, yambani ndi kulemba funso limene mudzafunse ana, ndipo tanthauzo limene mudzawapatse mulilembe pomaliza.